Sitima ya Volkmar Siyenda Yopanda Katundu

Mawondo anga anathera pa masitepe a nyumba ya mlamu wanga. Adokotala amati ndi lole, akuti zaka zonse zija ndinkaponda kilatchi, koma mwini mawondo ndine ndipo ndikudziwa. Ndi masitepe aja otsikira kuchipinda chapansi, opapatiza, a simenti, amene ndakhala ndikutsika Loweruka lililonse masana kuyambira tsitsi langa lili bii mpaka lero pamene chipeso ndinachipatsa tchuthi. Ndatopa nawo, ndisaname. Ndatopa ndi fungo la guluu, ndatopa ndi kuwerama, ndipo masiku ena ndimatopa ndi mwini wake yemwe, Volkmar Tiedjen, mwamuna wa mlongo wanga Traute.

Volkmar ankafuna kukhala woyendetsa sitima. Ali mnyamata anakayesa mwayi, ndipo masamu ndi zolemba zonse anakhoza, koma atamuyatsira nyali ziwiri, yofiira ndi yobiriwira, iye anati akuona nyali imodzimodzi. Anamuuza mwaulemu kuti azipita kwawo. Ndiye anakalowa ntchito m'sitolo ya misomali ndi penti kuno ku Varlingen, n'kukhala kuseri kwa kauntala moyo wake wonse. Penti ankagulitsa pochita kuwerenga dzina pachitini. M'mawa uliwonse sitima ya katundu inkadutsa kuseri kwa sitoloyo kulowera ku Ossendiek, mawindo n'kumanjenjemera, iye akuyeza misomali pasikelo.

Sitima imene anamumana kunja anadzaimanga pansi pa nyumba yake. Musaganize za zija za ana, zoti njanji yazungulira pathebulo ndipo sitima ikungothamangitsa mchira wake. Zimenezo Volkmar amanyansidwa nazo. Yake inayambira pafupi ndi chitseko, pamene anaika siteshoni ya Varlingen, n'kutsata khoma pa matabwa ofika m'chiuno, kukhota pakona, kudutsa pansi pa kawindo, mpaka kukathera pambali pa makina ochapira, kumene kunali ku Ossendiek. Inali nthambi yathu ija ndithu, kanjanji kamodzi kopatuka panjanji yaikulu, kopanda ulemerero uliwonse, mabogi ake oti limodzi n'kukwana m'chikhatho. M'njiramo munali fakitale ya batala, bwalo la wogulitsa malasha, pochekera matabwa ndi depoti ya alimi, ndipo kumapeto kwenikweni kunali bwalo la zitsulo zakutha la banja la a Pohlking. Kasitomala aliyense anali ndi kanjanji kake kolowera kugeti, kosiyapo bogi. Mitundu ya udzu ndi madenga ankasankha ndi Traute, chifukwa ulendo woyamba Volkmar anawaza utuchi wofiira dambo lonse, akuti ndi msipu.

Anthu a masewera amenewa kuno ndi ambiri kuposa mmene akazi awo amavomerezera. Pafupifupi onse amasankha chaka chimodzi n'kukhazikika momwemo. Munthu amangoti kwa ine ndi chilimwe cha 1962, basi, ndipo pathabwa pake palibe fakitale imene idzatseke mpaka iye mwini adzamwalire. Amenewo ndi anzeru. Mlamu wanga, ndi kuuma mutu kwake kuja, anasankha lero. Pakati pa sabata akaweruka ankakwera njinga n'kutsata njanji yeniyeni, akusuzumira m'mipanda kuti aone bogi lanji laima kwa yani. Zimene waona kunja ndizo tinkayendetsa Loweruka. Ankati sitima siyenda yopanda katundu, ndipo katundu sachokera m'mutu mwa munthu.

Zaka zoyamba zinali zokoma, sindingakane. Tinkakhala anthu anayi. Siegbert, wa kupositi, ndiye ankagwira kabokosi koyendetsera injini. Lothar, mphunzitsi, ankatembenuza njanji pamphambano. Ine ndinali womasula mabogi, ndi kamtengo kotokosera m'mano. Volkmar yekha ankakhala makasitomala onse, aliyense ndi mawu ake.

"Kuno n'kwa amalasha," ankayamba atatsina mphuno kuti amveke ngati ali pafoni. "Bogi langa mwalisiya kutali ndi geti. Mukufuna nditute malasha ndi chipewa?"

"Auzeni agule wilibala," ankayankha Siegbert.

"Ndikakunenezani kwa akuluakulu anu."

"Akuluakulu athu ali m'mwambamu, akuphika keke."

Chimene chinkandipsetsa mtima ine ndi lamulo loti bogi salikhudza ndi dzanja. Bogi latsala utali wa chikhadabo kuti lifike pageti, injini ili mbali yolakwika, ndiye akuti injiniyo ibwerere, izungulire, idzalikankhe bwinobwino. Chala chinkachita kuyabwa. Tsiku lina Volkmar atatembenuka ndinalikankha pang'ono.

"Eggert, ndakuona."

"Ndi mphepo."

"Bweza. Kunjaku unaonapo dzanja likutsika kumwamba kudzakankha bogi?"

"Ndikanaliona bwenzi ndikupita kutchalitchi."

Ndinabweza. Injini inazungulira, khofi anazizira m'makapu, ndipo a batala anaimbanso foni kudandaula kuti katundu wawo akusungunuka. Tinkaseka mpaka Traute kugogoda pansi ndi chidendene.

Oyamba kuchoka anali a batala omwewo. Ine nthawi imeneyo ndinkayendetsa lole ya kampani ina yonyamula katundu, ndipo Lolemba lina abwana anangondiuza kuti kuyambira lero uzikatenga batala kufakitale. Ndikanati chiyani? Ndinali ndi ana oti adye, ndipo sindinapepesepo kwa munthu aliyense pa nkhani imeneyi. Ndikubweza lole pageti, ndinaona pagalasi munthu ataima ndi njinga kutsidya kwa msewu. Sanakweze dzanja. Anangoyang'ana lole, n'kuyang'ana kanjanji kopanda bogi, n'kupalasa njinga yake.

Loweruka titatsika tinapeza kanjanji ka fakitale ya batala kulibe. Anali atazula, n'kupaka guluu, n'kuwaza utuchi wobiriwira. Guluuyo anali asanaume n'komwe.

"Aa, Volkmar, zimenezi ndiye ziti?" anafunsa Lothar.

"Funsa mlamu wangayo."

Sabata yotsatira ndinamugulira kalole kakang'ono kofanana msinkhu ndi mabogi ake, ndimati tiseke, nkhani ithe. Sanaseke. Anati zikomo, anapempha Traute kuti asakanize penti yofanana ndi ya kampani yathu, anakapaka, n'kukaika pageti pa fakitale, katabwerera chammbuyo ngati mmene ndinkaimitsira ine. Kanakhala pamenepo zaka zonse. Loweruka lililonse ndinkadziona ndekha ndikuba katundu wa mlamu wanga, ndipo kunali bwino akanangonditukwana.

Kenako anthu anasiya kutenthetsa nyumba ndi malasha, wamalasha n'kutseka. Volkmar anazula. Mwini pochekera matabwa atamwalira, ana ake anagulitsa malowo kwa omanga nyumba, Volkmar anazula, n'kumangapo tinyumba ta makatoni tofanana tonse. Mawu amene ankatiseketsa aja anayamba kutha limodzilimodzi, chifukwa kasitomala akatseka, foni yake imatsekanso. Sitima imene kale inkatitengera masana onse tsopano inkapita ndi kubwera khofi asanazizire.

Siegbert ndiye anayamba kutopa.

"Volkmar, tabwezeretsa wamalasha uja, akudziwe ndani? Chipinda n'chako."

"Wamalasha anatseka. Pamalo pake akugulitsa matayala."

"Ndiye ine ndizibwera kuno kudzakoka mabogi awiri? Kunyumba ndili ndi kapinga woti nditchetche."

"Pita ukatchetche."

Anapitadi. Anakalowa kalabu ya mumzinda kumene chaka sichisintha, kumene mpaka lero akukoka malasha ndi injini za nthunzi, ndipo akuti akunenepa. Sindimuimba mlandu. Lothar naye atapuma ntchito anasamukira kwa mwana wake kummwera. Tinatsala awiri, ine ndikugwira kabokosi dzanja lina, kamtengo dzanja lina.

Mudzandifunsa kuti nanga iwe unkabwereranji. Poyamba ndinkabwera chifukwa cha keke ya Traute. Pambuyo pake ndinkabwera chifukwa cha zimene ndinaona chaka chimene sitolo ya misomali inatseka. Chisitolo chachikulu chinatsegulidwa kumsewu waukulu, ndipo Volkmar anamuuza kachiwiri m'moyo wake, mwaulemu womwe uja, kuti azipita kwawo. Nyengo yozizira imeneyo depoti ya alimi inasiyanso kulandira feteleza pa sitima, ndipo njanji anaitseka kaye chifukwa cha mlatho wina umene unkafunika kukonza. Kunja sikunkayenda kanthu, ndiye pansi pa nyumba sipankayendanso kanthu. Volkmar anakhala pampando wa kukhitchini, manja pathebulo, maso pakhoma. Sankadwala, sankadandaula. Ukamupatsa mbale ankadya theka. Ukamufunsa kanthu ankayankha mawa lake. Ndevu zinamera, malaya anayamba kumukulira. Traute ankalira m'bafa atatsegula mpopi kuti asamveke. Ine ndinachita mantha, ndikunena zoona, chifukwa ndinaona kuti munthu angathe kufa atakhala pampando, mtima ukugunda bwinobwino.

Chinamudzutsa ndi mphepo yamkuntho. Inagwetsa mitengo nkhalango yonse ya kupitirira Ossendiek, yochuluka moti malole sakanaitha, ndiye anakonza mlatho mofulumira n'kuyamba kupakira mitengo pabwalo lakale la depoti. Traute anaiona sitimayo pochokera kumsika, n'kulowa m'nyumba asanavule n'chikhoti chomwe.

"Volkmar, sitima yadutsa! Mabogi a mitengo, ambirimbiri."

Kenako munthu uja anatembenuza mutu.

"A mtundu wanji?"

"Ine ndidziwe bwanji? Dzuka ukaone wekha."

Anadzuka. Madzulo ake anali kumpanda ndi sizasi, akudula timitengo toti tikhale mitengo ya m'mabogi, ndipo Loweruka ndinamupeza atameta. Kuyambira pamenepo ine ndi Traute tinadziwa, ngakhale sitinkanena, kuti moyo wa munthu ameneyu wamangiriridwa kukanjanji kodzimbirira kaja. Tinkamvetsera kulira kwa sitima kuposa mmene ankamvetserera iye mwini.

Mitengo inatha, monga mmene mitengo imathera. Anatsala a Pohlking okha ndi zitsulo zawo zakutha. Bogi limodzi lopanda kanthu kupita, limodzi lodzaza kubwera. Volkmar ankadzaza lake ndi timisomali todula tochokera kusitolo ija, ataviika m'madzi amchere kuti tichite dzimbiri. Tinayenda nalo bogi limeneli zaka zambiri. Njira yonse inali udzu wokhawokha, malo a makasitomala amene anapita, ndipo injini inkadutsa pang'onopang'ono ngati munthu wodutsa pamanda a abale ake. Masabata ena kunja sikunkabwera bogi, ndiye ndikatsika ndinkamupeza atakhala pa kasitulu.

"Lero kulibe katundu."

"Tangoiyendetsa, iwongole miyendo."

"Ipite kukatani?"

"Kukaona anthu, kaya. Ine ndatsika masitepe onsewa."

"Khala pansi, khofi akubwera."

Tinkakhala, tikuyang'ana injini itaima. Abale inu, amuna awiri okalamba m'chipinda chozizira, akudikira kuti munthu wina kutali atole zitsulo zokwanira bogi. Ndinkabwerera kunyumba nditatopa kuposa mmene ndinkatopera ndikachokera ku ulendo wa kudoko pa lole.

Tsiku limene tinkaliopa linafika mwakachetechete. Mwana wamkazi wa a Pohlking atatenga bizinesi anaona kuti malole ndi achangu, ndipo sindimunena, nanenso ndikanatero. Ulendo uno sanali ine, ndinali nditapuma kale ntchito. Volkmar anapita ndi njinga maulendo angapo, n'kupeza geti la kunjanji atalimanga ndi tcheni. Traute anandikokera kukhitchini ndisanatsike.

"Eggert, ulankhule naye. Umuuze abwerere kuzaka zakale ngati anzake. Mabogi onse aja ali m'makatoni, sanataye ngakhale limodzi."

"Wakhala naye zaka zonsezi, sunamudziwe?"

"Ndamudziwa, n'chifukwa chake ndikutuma iwe. Akandikhaliranso pampando uwu, ine sindipirira kachiwiri. Ndakalamba."

Ndinatsika. Ndinamupeza akuzula kanjanji kolowera kwa a Pohlking. Ndinayamba mofatsa, koma kufatsa si mphatso yanga.

"Mlamu, tamvera. Tiye tibwezeretse zonse. Batala, malasha, matabwa. Kalole kajanso ndikachotse ndekha, ndikaponde ndi nsapato ngati ukufuna."

"Zimenezo zinatha."

"Zinatha kunja! Kuno ndi pansi pa nyumba yako. Ndani adzabwere kudzakuyesa mayeso? Ukudzilanga chifukwa chiyani? Ukutilanga tonse, ine, mkazi wako, chifukwa cha utuchi ndi makatoni!"

Anaika chodulira waya pathabwa, n'kundiyang'ana.

"Eggert, ndikabwezeretsa zinthu zimene kulibe, ichi chikhala chidole. Anandimana sitima yeniyeni ndili mnyamata. Ino ndi yokhayo imene ndinayendetsapo. Ukufuna pa ukalamba uno ndidziwe kuti nthawi yonseyi ndimaseweretsa chidole?"

Ndinatukwana masitepe, n'kukwera.

Kwa miyezi ingapo anapezabe chochita. Kunja udzu unamera pakati pa njanji, ndiye naye ankabzala udzu ndi kambaniro, kamodzikamodzi. Njanji zinachita dzimbiri, Traute anamusakanizira penti, anapaka njira yonse. Timitengo titayamba kumera pamphambano, anatibzalanso. Koma udzu uli ndi polekezera. Injini anaiimika pasiteshoni ya Varlingen n'kuifunditsa kansalu. Kenako chiuno chinayamba kumuvuta, njinga anaikoloweka m'galaja, ndipo tsiku lina ndinamupeza pampando uja, manja pathebulo.

Ndinkabwerabe Loweruka. Keke tinkadyera kukhitchini, ine ndikulankhula ndekha za mpira ndi mitengo ya mafuta, iye akuyang'ana khoma, Traute akutsuka mbale zotsuka kale. Mawondo anga anapuma, koma mundikhulupirire, ndinkawasowa masitepe aja. Malaya anayambanso kumukulira.

Kenako nyuzipepala inalemba kuti njanji ya ku Ossendiek aizula, pakhala msewu wa njinga. Traute anaibisa pansi pa mbatata, koma woyandikana nawo nyumba anafuula nkhaniyo pampanda, akuti n'zosangalatsa, adzukulu azikapalasa kumeneko. Loweruka limenelo Volkmar anandiyankhula koyamba patapita nthawi.

"Eggert, upite ukandionere mmene akuzulira. Ine sindingafike."

Traute anandiperekeza mpaka pakhomo, n'kundigwira mkono.

"Ukamunamize. Ukanene kuti sanayambe, kuti ndalama zawathera, chilichonse. Akangodziwa kuti yatha, azula yonse tsiku limodzi, ndiye basi."

"Munthu ameneyu ndamunyoza moyo wanga wonse, koma sindinamunamizepo."

"Ndiye uyambe lero, chitsiru iwe."

Ndinapita pakati pa sabata. Ku Ossendiek ndinapeza njanji kulibe kale, kwatsala miyala yokha ndi mabowo a matabwa ogonekapo njanji. Ozula njanjiwo ndinawapeza chapakati, pafupi ndi pamene panali pochekera matabwa. Panalibe sitima iliyonse. Anyamata ankadula njanji ndi moto, chigalimoto chokumba n'kumanyamula zidutswazo kuponya m'malole amene anaima pamzere mumsewu. Dalaivala wina ankadya buledi mapazi atawaika pachiwongolero. Ndinamufunsa kuti atha liti, iye anati mwezi usanathe, bola mvula isavute. Ndinafunsanso kuti zitsulozi zikupita kuti. Anati kwa a Pohlking. Ndinakhala m'galimoto langa kanthawi ndisanalize injini. Ndayendetsa malole moyo wanga wonse ndipo ndimawakonda, koma tsiku limenelo ndinawada.

Njira yonse yobwerera ndinkayeserera bodza la Traute, ndipo silinkakhala pakamwa.

Loweruka sindinamupeze kukhitchini. Traute anandilozera pansi ndi chibwano, maso ofiira. Ndinatsika pang'onopang'ono, ndikugwira khoma. Volkmar anali ataima pakati pa chipinda atatsamira ndodo, magetsi onse atayatsa, chodulira waya chili pathabwa, katoni yopanda kanthu ili pansi.

"Waona chiyani?"

"Akuzula. Afika kale pochekera matabwa. Akuti mwezi uno atha."

"Akunyamulira pa chiyani?"

Apa ndiye panali pa bodza, koma lilime linakana.

"Pa malole, Volkmar. Kulibe sitima. Akudula ndi moto n'kuponya m'malole."

Makina ochapira ankazungulira kukona kuja. Anayenda ndi ndodo yake mpaka pafakitale ya batala, n'kutola kalole kaja, kamene penti yake inali itasuluka. Ndinadziwa chimene chikubwera. Ndinati andipatsa kuti ndikaimike ku Ossendiek, ine ndi amene nditute njanji yake yomaliza, ndipo dzuwa lisanalowe matabwa onsewa akhala mbee. Ndinatambasula dzanja.

Anandiikadi kaloleko m'manja, n'kupinda zala zanga ndi dzanja lake.

"Tenga lole yako, uzipita nayo kwanu."

Kenako anapita pasiteshoni ya Varlingen n'kuchotsa kansalu painjini. Anafufuza mukatoni ina pansi pa thabwa, anatulutsa bogi lafulati, lopanda makoma, anapukuta fumbi ndi malaya, n'kuliika panjanji.

"Gwira kabokosi. Kuli katundu ku Ossendiek."

"Katundu wanji?"

"Njanji. Izibwera yokha? Sitima ipita kumapeto, anyamata azula, apakira, ibwera nazo. Njanji imazulidwa choncho."

"Koma ndakuuza kuti kunjako ndi malole."

"Ine sindinaone."

"Unandituma ine kuti ndikakuonere!"

"Iwe ndi dalaivala wa lole. Umaona malole paliponse."

Ndinamuyang'ana. Ankayang'ana injini, osati ine, ndipo khutu lake linali litafiira. Munthu amene anataya mnzake Siegbert chifukwa chokana kubwezeretsa wamalasha anali kunama pamaso panga, akudziwa kuti akunama, akudziwanso kuti ndikudziwa. Ndinaponya kalole m'thumba n'kutenga kabokosi.

Injini inakana kaye chifukwa cha penti ya dzimbiri ija, ndiye tinapala pamwamba pa njanji ndi kansalu, ine ndikuwerama, iye akulamula. Kenako inanyamuka, ikukankha bogi patsogolo, kudutsa pa batala, pa malasha, pa tinyumba ta makatoni, udzu wobzala uja ukukhuza mawilo. Pamphambano tinachita kudula timitengo kuti idutse. Itafika kumapeto, pambali pa makina ochapira, Volkmar anatenga chodulira waya, anayeza ndi chala chake chaching'ono, n'kudula njanji utali wa chalacho. Tizitsulo tiwiri. Anatiika pabogi ndi kambaniro, mosamala, n'kutsina mphuno.

"Kuno ndi kwa ozula njanji. Katundu wanu wakonzeka. Mwachedwa bwanji?"

"Auzeni njira ndi yoipa," ndinatero.

Sitima inabwerera ku Varlingen ndi tizitsulo tiwirito. Ndinamasula bogi ndi kamtengo. Ndinatenga chodulira waya kuti ndimupatse tipitirize, koma anachilanda n'kuchikoloweka pamsomali.

"Lero basi."

"Basi? Kachidutswa kamodzi?"

"Anyamata anga ndi aulesi. Amagwira Loweruka lokha."

Ndinayang'ana njanji yotsala, kuchokera pamakina ochapira, pansi pa kawindo, pakona, khoma lonse mpaka kuchitseko. Ndinayang'ana chala chake chaching'ono chija.

"Mlamu, pa liwiro limeneli tifa tonse isanathe."

"Ndiye usamachedwe Loweruka."

Msewu wa njinga anautsegula chaka chathachi, ndipo anthu akuti ndi wosalala. Kwa Volkmar ozula njanji sanatulukebe mu Ossendiek, ndipo sabata yatha sanagwire n'komwe ntchito yonse, akuti kapitawo wawo anangodula njanji yotalika theka la chala chifukwa kunali mvula. Mawondo anga akuipiraipira. Kalole kaja kali pawindo la kukhitchini kwanga, ndipo sindikudziwa choti ndichite nako.

Koma tsiku lija, titangokoloweka chodulira waya, chitseko cha pamwamba pa masitepe chinatseguka pang'ono. Traute anali atamva kulira kwa injini, ndipo sanayerekeze kutsika.

"Khofi ndikuikireni kukhitchini?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

Volkmar anali atawerama kale, akupukuta mawilo a bogi.

"Bweretsa kuno," anatero. "Tili pantchito."